Gilbert White wa ku Selborne, Mbusa Amene Anapenyetsetsa Mudzi Umodzi

Mwa mabuku onse amene Angelezi analemba pa za mbalame, nyama ndi zomera, lilipo limodzi limene chitulukire m'chaka cha 1789 silinalekepo kusindikizidwa, kotero kuti masindikizo ake ayandikira 300. Ndipo chozizwitsa n'chakuti mwini wake sanali mphunzitsi wa sayansi, sanaoloke nyanja kukasaka zirombo za m'maiko akutali monga anachitira ena a m'badwo wake, sanalembedwe ntchitoyo ndi munthu aliyense, koma anali mbusa wothandizira wa kumudzi, amene analemba za parishi imodzi yokha ya anthu osakwana 700. Dzina lake ndi Gilbert White, mudzi wake ndi Selborne m'chigawo cha Hampshire kumwera kwa England, ndipo bukulo limatchedwa The Natural History and Antiquities of Selborne. Kuyambira kale anthu ophunzira akhala akufunsana ngati munthuyu anaonjezadi kanthu pa nzeru za anthu, kapena anali chabe mkulu wofatsa wodziwa kulemba mokoma, amene Angelezi amamukonda chifukwa amawakumbutsa midzi yawo yakale utsi wa mafakitale usanaidetse. Ine ndili kumbali ya iwo amene amati anaonjezadi, koma mlandu sagamula asanamve mbali zonse, ndipo tiuyambe pa tsinde pake.

Anabadwa pa 18 Julayi 1720 m'nyumba ya abusa ya ku Selborne komweko, kumene agogo ake aamuna, amenenso dzina lawo linali Gilbert White, ankaweta nkhosa za Ambuye. Atasinkhuka anapita ku Oxford, ku koleji ya Oriel, natsiriza maphunziro ake oyamba mu 1743. Chaka chotsatira anasankhidwa kukhala mmodzi wa eni kolejiyo, udindo umene unkampatsa kangachepe chaka ndi chaka malinga akapanda kukwatira, ndipo sanakwatiredi kufikira imfa yake. Unsembe anaulandira mu 1749 mu Mpingo wa England. Koma mphamvu yosankha mbusa wa Selborne inali m'manja mwa koleji ina, ya Magdalen, ndipo munthu wa ku Oriel sakanayembekeza udindowo. Motero White, pokana kusiyana ndi kwawo, analolera kukhala wothandizira abusa ena, zaka zoposa 20 ku Farringdon, mudzi woyandikana nawo, ndipo kuyambira 1784 ku Selborne kwenikweniko. Parishi ya Moreton Pinkney ku Northamptonshire anailandira mu 1757, koma sanakakhaleko. Anaikako munthu wina wogwira ntchito m'malo mwake, monga unalili mwambo wa masiku amenewo, mwambo umene sitingautame. Nyumba yotchedwa The Wakes, imene anakuliramo, inakhala yakeyake mu 1763, ndipo m'menemo ndimo anafera. Ulendo wa pangolo yokokedwa ndi akavalo unkamdwalitsa nseru, ndipo ichinso chinathandiza kum'mangirira pamudzi.

Mudziwo, ngakhale unali waung'ono ndi wovuta kufikako chifukwa cha misewu yakuya yamatope, unali wodala m'chilengedwe, pakuti m'parishi imodziyo munakumana nthaka zamitundumitundu: phiri la choko lophimbidwa ndi mitengo ikuluikulu, lotchedwa Hanger, limene White ndi mphwake John anasemapo njira yokhotakhota mu 1753, njira imene anthu akwerabe lero, minda ya tirigu ya dothi lamakande, ndi chipululu cha mchenga cha Wolmer chokhala ndi maiwe ake. White anawerenga mitundu ya mbalame yoposa 120 imene inaonekapo m'parishiyo, nakondwera kuona kuti inaposa theka la mitundu yonse yodziwika m'dziko lonse la Sweden.

Chiyambi cha ntchito yake chinali munda wa ndiwo. Mu 1751 anatsegula kabuku kamene anakatcha Garden Kalendar, m'mene ankalemba tsiku lofesa, tsiku lomera, tsiku limene chisanu chinapsereza mbewu ndi tsiku lokolola. Ankalima nkhaka ndi mavwende a kwawoko pa milu ya ndowe za akavalo zimene zinkatenthetsa nthaka, ndipo anali mmodzi wa oyamba kubzala mbatata ya kachewere m'dera limenelo. M'kupita kwa zaka mbalame ndi tizilombo zinayamba kulowerera pakati pa nkhaka ndi kabichi, kufikira mu 1768 pamene anayamba kudzaza buku lina, Naturalist's Journal, limene masamba ake anali ogawidwa kale m'mizere ya kutentha, mphepo, mvula, mtengo woyamba kuphuka, duwa loyamba kumasula ndi mbalame yoyamba kuoneka. Analidzaza zaka 25, kufikira patangotsala masiku owerengeka kuti atsikire kuli chete, ndipo tikaphatikiza mabuku awiriwo tipeza zaka zoposa 40 za munthu mmodzi akulemba za malo amodzi. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Palibe tsamba limodzi m'mabukuwo limene lingadabwitse munthu palokha, koma onse pamodzi ndiwo maziko a chilichonse chimene White ananena molimba mtima, pakuti akati mbalame yakuti imafika pakati pa mwezi wa Epulo, anali ndi zaka zambirimbiri zomuikira umboni.

Kuti timvetse chimene chinali chatsopano mwa iye, tiyenera kukumbukira kuti m'badwo wake unali m'badwo wopatsa maina. Carl Linnaeus wa ku Sweden anali atakonza dongosolo loika zamoyo zonse m'mabanja ndi kuzipatsa maina awiriawiri a Chilatini, ndipo akatswiri ambiri ankagwira ntchito m'zipinda zotsekera, atazingidwa ndi zikopa zouma, mafupa ndi tizilombo tobaidwa pa singano, zimene amalinyero ankabwera nazo kuchokera kumalekezero a dziko. White sananyoze ntchitoyo. Mabuku a Linnaeus ankawagwiritsa ntchito, ndipo John Ray, Mngelezi wa m'badwo wam'mbuyo, ankamulemekeza koposa. Koma iye anaona kuti kuwerenga nthenga za mbalame yakufa n'kwapafupi, pamene kudziwa makhalidwe ake, chakudya chake, kamangidwe ka chisa chake ndi nyimbo yake kufuna munthu wokhala panja nyengo zonse. Ndipo anakhulupirira kuti wotenga dera limodzi naliphunzira mozama apititsa nzeru patsogolo kuposa wofungatira dziko lonse. Maganizo amenewa anawalembera anthu awiri omveka: Thomas Pennant, mlembi wa buku la British Zoology, ndi Daines Barrington, woweruza milandu, yemwenso anakonza masamba a mizere aja. Makalata 44 opita kwa Pennant ndi 66 opita kwa Barrington ndiwo thunthu la buku la Selborne.

Chitsanzo chomveka bwino koposa cha njira yakeyo ndi cha timbalame titatu tobiriwira motuwa, timene lero timatchedwa chiffchaff, willow warbler ndi wood warbler. Pozigwira m'manja mbalamezi zimafanana kwambiri, kotero kuti olemba a nthawiyo sankazilekanitsa bwino. Koma White, amene analibe magalasi a maso awiri oonera kutali amene openya mbalame a lero sayenda osatenga, anatchera khutu, namva kuti ina imangobwereza mawu awiri akuthwa, ina imaimba nyimbo yofewa yotsetsereka, ndipo yachitatu imalira monjenjemera pamwamba pa mitengo itali ikugwedeza mapiko. Anaonanso kuti sizifika tsiku limodzi, ndipo pofika mu 1768 analembera Pennant motsimikiza kuti mitunduyo ndi itatu. Analondola. Mwa zitatuzo, willow warbler imapezeka ngakhale m'tchire la ku Malawi ndi Zambia m'nyengo ya mvula, itachokera kumpoto kwa dziko lapansi. Iye ndiyenso anayamba kulongosola ku England kambewa kakang'ono koposa tonse ta m'dzikomo, kamene kamaluka chisa chobulungira pamwamba pa mapesi a tirigu. Anapeza chisa chokhala ndi ana asanu ndi atatu, nachikunkhuniza patebulo osagwa ndi mmodzi yemwe, ndipo poyesa pa sikelo anapeza kuti timbewa tiwiri tikulutikulu tilemera ngati kakobiri kamodzi ka mkuwa ka theka la peni. Dzina la Chilatini la kambewako linaperekedwa ndi Peter Simon Pallas mu 1771, motero m'mabuku a sayansi ulemu unapita kwa wina. Analongosolanso mleme waukulu wouluka pamwamba kwambiri, wotchedwa noctule, umene kwawoko unali usanalembedwe.

Zina mwa zofufuza zake zingaoneke zazing'ono, monga pamene iye ndi anzake anatenga kachitoliro koyesera mawu a nyimbo kuti adziwe ngati akadzidzi onse amalira pa liwu limodzi, ndipo atayamba aganiza kuti inde, anapeza pambuyo pake kuti amasiyana, nalemba zonse ziwiri mosabisa. Koma mzimu womwewo ndi umene unapulumutsa mbiri ya lumbe. Alimi a kwawo ankakhulupirira kuti lumbe amalasa ana a ng'ombe usiku ndi kuwapatsa nthenda ya zotupa pamsana. White anatumbula mimba za mbalamezo napezamo agulugufe a usiku ndi zikumbu zokhazokha, nasonyeza kuti zotupazo zimadza ndi mphutsi za ntchentche ina imene imakulira pansi pa chikopa. Ichi chitiuzanso chinthu chimene omukonda ena amachilambalala: White anali ndi mfuti, paunyamata wake anali mlenje, ndipo mbalame zambiri zimene anazilongosola zinafa kuti azione bwino. Amene afuna kumuyesa woyera mtima wosapha ndi nyerere yomwe akumunamizira. Iye anali mwana wa nthawi yake, ndipo chifundo chake pa zolengedwa chinakula pamodzi ndi zaka zake.

Kalata imene ine ndimaiyesa yolemera koposa onse ndi ya pa 20 Meyi 1777, yonena za nyongolotsi. Alimi ndi osamala minda ya maluwa ankadana nazo, poganiza kuti zimadya mbewu zanthete ndi kudetsa njira. Koma White ananena kuti kanyama konyozekako kakachotsedwa padzatsala mpata woopsa m'chilengedwe, pakuti nyongolotsi zimaboola ndi kufewetsa nthaka kuti mvula ndi mizu zilowe, zimakokera masamba ndi mapesi pansi, ndipo dothi limene zimatulutsa pamwamba ndi manyowa abwino. Popanda izo nthaka ikanauma gwa ndi kukhala yosabala. Anatsiriza ndi kulakalaka kuti wina adzalembe buku lathunthu la nkhaniyi. Panapita zaka 104, ndipo mu 1881 Charles Darwin, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, anatulutsa buku lake lotsiriza, lonena za nyongolotsi zomwezo, m'mene anawerengera kuti m'madera ambiri a England matani oposa 10 a dothi amapyola m'matupi mwa nyongolotsi pa ekala iliyonse chaka chilichonse. Darwin yemweyo anavomera kuti kuwerenga buku la Selborne ali mnyamata ndiko kunam'yambitsa kupenya makhalidwe a mbalame ndi kuwalemba, ndipo mu 1857 anapita yekha kukaona mudziwo.

Palinso funso lina limene White anafunsa osaliyankha, limene lisonyeza kuya kwa maso ake. Mbalame zakuda zamapiko aatali zotchedwa swift, zimene zimafanana ndi anamzeze ngakhale si a banja limodzi, zinkamanga zisa pa tchalitchi ndi pa madenga a udzu a m'mudzimo, ndipo iye, amene ankadziwa mbalame za parishi yake monga nyakwawa idziwa mabanja a m'mudzi mwake, anawerenga napeza kuti chaka ndi chaka zimabwera zazimuna zisanu ndi zitatu ndi zazikazi zisanu ndi zitatu, osachuluka osachepa. Tsono popeza banja lililonse limaswa ana awiri pachaka, anafunsa mu 1778 kuti ana onsewo amatha bwanji, ndipo n'chiyani chimaika malire pa chiwerengero cha mbalame za pamalo amodzi. Funso limeneli, la kuchuluka kwa obadwa ndi kuchepa kwa opulumuka, ndilo linadzakhala mwala wapangodya wa chiphunzitso cha Darwin, ndipo akatswiri a zachilengedwe akulimbana nalobe. White sanamange chiphunzitso chilichonse. Iye ankaona m'zonsezi nzeru ya Mlengi, nakhutira nazo. Koma munthu safunsa funso lotere asanawerenge mbalame zomwezo zaka zambiri zotsatizana.

Tsopano tifike pamene anaphunthwa, pakuti otsutsa ake amayambira pomwepa. Nkhani imene inam'sautsa moyo wake wonse inali yakuti anamzeze amapita kuti m'nyengo ya chisanu. Mneneri Yeremiya anatchula namzeze pakati pa mbalame zosunga nyengo ya kufika kwake, koma kumene amachokera kunali chinsinsi kwa anthu a ku Ulaya. Aristotle anaphunzitsa kuti ena amabisala m'mapanga. Olaus Magnus, bishopu wa ku Sweden, analemba mu 1555 kuti asodzi amawavuula m'madzi ndi makoka. Linnaeus mwini wake anavomereza kuti amagona pansi pa madzi. Ndipo Barrington, bwenzi la White, sankakhulupirira konse kuti kambalame kakang'ono kangaoloke nyanja. White anali ndi mboni yabwino kuposa onsewa, ndiye mphwake John, amene anali mbusa wa asilikali ku Gibraltar, ndipo ankaona ndi maso ake magulu a anamzeze ndi mbalame zina akuoloka pakati pa Ulaya ndi Africa pa nyengo zake. Chifukwa cha umboniwo White anavomera kuti ambiri amasamukadi, natsutsa Barrington mwaulemu. Koma mtima wake sunakhazikike, pakuti ankaona ana oswedwa mochedwa, ofooka mapiko, akali m'zisa pamene anzawo anapita kale. Ndipo nthawi zina m'mwezi wa Novembala, likacha tsiku lofunda, gulu la mbalamezi linkatulukira mwadzidzidzi, n'kuuluka maola owerengeka, n'kuzimiriranso. Kodi zinabwerera kuchokera ku Africa chifukwa cha tsiku limodzi la dzuwa? Iye anaganiza kuti zina ziyenera kuti zimagona tulo ta chisanu pafupi pomwepo, monga amachitira mileme ndi akamba, ndipo mu 1781 anafufuzitsa m'zitsamba za kumapeto kwa Hanger kumene anaziona zikutera madzulo. Sanapeze kanthu.

Analakwa, ndipo tisabise. Koma tiyeni tione kalakwidwe kake. Sananenepo kuti anaona namzeze ali m'tulo ta chisanu, ngakhale nkhani zotere zinkam'fika kawirikawiri kuchokera kwa anthu olemekezeka. Nthawi zonse ankalekanitsa chimene anaona yekha, chimene anauzidwa ndi chimene ankangoganiza, ndipo atafufuza osapeza kanthu analemba kuti sanapeze kanthu. Kulephera kwake kunali kwa munthu woima pamalo amodzi, pakuti funso la ulendo wa mbalame silingayankhidwe ndi parishi imodzi; mutu umodzi susenza denga. Yankho linadza mwapang'onopang'ono iye atapita kale. Mu 1822 ku Klütz, kumpoto kwa Germany, kunaphedwa dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa utapyoza khosi lake. Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta manambala kumiyendo. Ndipo namzeze wina amene anavekedwa mphete ku Staffordshire m'mwezi wa Meyi 1911 anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa, m'mwezi wa Disembala 1912, mtunda wa mamailosi pafupifupi 6,000. Motero chinsinsi chimene chinasowetsa tulo mbusa wa ku Selborne chinali poyera kwa abusa a ng'ombe a kumwera kwa Africa, amene chaka chilichonse mvula ikayandikira ankaona anamzeze achilendo atadzaza mlengalenga ndi kugona m'mabango, osadziwa iwonso kumene amapita mvula ikatha. Aliyense anali ndi theka la nkhani. Ndiponso ganizo la White silinali lopusa monga ena amanenera, pakuti m'zaka za m'ma 1940 Edmund Jaeger anapeza m'chipululu cha California mbalame ya banja la lumbe, yotchedwa poorwill, ili m'tulo ta chisanu m'mng'alu wa thanthwe.

Owerenga ambiri amakumbukira kamba wotchedwa Timothy kuposa zonsezi. Anali wa azakhali a White, Rebecca Snooke, a ku Ringmer m'chigawo cha Sussex, ndipo iwo atamwalira mu 1780 White anam'fukula pamene anagona, nayenda naye mamailosi 80 kufika ku Selborne. Ankamuyesa pa sikelo asanagone ndi atadzuka, analemba zakudya zimene ankakonda ndi mmene ankathawira mvula, anam'fuulira m'lipenga kuti aone ngati amamva, namuika m'madzi kuti aone ngati amasambira, ndipo kambayo anangomira n'kumayenda pansi. Timothy anafa mu 1794, chaka chimodzi pambuyo pa mbuye wake. Chigoba chake chikusungidwa ku Natural History Museum mu London, ndipo zinadzadziwika pambuyo pake kuti anali wamkazi.

Ena amadandaula kuti buku lotuluka m'chaka chimene dziko la France linayamba kugwetsa ulamuliro wa mafumu ake lilibe mawu pa zipolowe za m'badwo wake, ndi kuti mwini wake anali munthu wokhuta, wokhala ndi antchito om'limira. Izi n'zoona, koma si zoona kuti sanaone anthu. Analemba za nyali za mlulu woviikidwa m'mafuta zimene amphawi ankaunikira, nawerengera kuti ndi kakobiri kochepetsetsa banja losauka linkapeza kuunika kwa maola asanu ndi theka. Analemba za kutha kwa khate m'dziko lake, nakuika pa kusintha kwa zakudya, zovala zoyera ndi kuchuluka kwa ndiwo zamasamba. Anadzudzula zikhulupiriro zopyoletsa ana odwala m'mtengo wong'ambidwa, nakumbutsa ndi chisoni za okalamba amene anaponyedwa m'madzi ku Tring mu 1751 powanamizira ufiti. M'chilimwe cha 1783 analongosola chifunga chowuma chimene chinaphimba dziko kuyambira pa 23 Juni kufikira pa 20 Julayi, dzuwa litafiira ngati magazi potuluka ndi polowa, nyama ikuvunda tsiku limodzi, anthu a m'midzi atagwidwa ndi mantha. Gwero lenileni sanalidziwe, koma lero tidziwa kuti linali phiri la moto la Laki ku Iceland, limene linaphulika pa 8 Juni chaka chimenecho, ndipo akatswiri ofufuza za tsokalo amatchulabe kalata yake ngati umboni.

Bukulo linasindikizidwa ndi mphwake wina, Benjamin White, wogulitsa mabuku mu Fleet Street ku London, mlembi wake ali ndi zaka 68, makutu ake, amene anam'tumikira chotero, atayamba kale kugontha. Tiyenera kudziwa kuti makalatawo sanasindikizidwe monga anatumizidwira. White anawakonza, nadula zina, ndipo asanu ndi anayi oyambirira, olongosola maonekedwe a parishi, sanatumizidwe konse kwa Pennant, koma analembedwa pambuyo kuti akhale khomo la buku. Ine sindiona chinyengo pamenepa, pakuti zimene ananena zimagwirizana ndi mabuku ake a tsiku ndi tsiku, amene alipo kufikira lero. Gawo lachiwiri, la mbiri yakale ya parishi ndi nyumba ya amonke imene inali pamenepo, ndi louma, ndipo osindikiza ambiri amalisiya. Anamwalira pa 26 Juni 1793. Anali atalamuliratu kuti maliro ake asakhale ndi chionetsero, ndi kuti bokosi lake linyamulidwe ndi anthu aganyu asanu ndi mmodzi, makamaka a mabanja aakulu, aliyense alandire mashiling'i 10. Manda ake ali kumpoto kwa tchalitchi cha St Mary, ndipo pa mwala wake waung'ono palembedwa zilembo zoyamba za maina ake awiri ndi tsiku la imfa yake basi.

Cholowa chake chili pawiri. Choyamba ndi zolembedwa zenizenizo: masiku a kuphuka kwa mitengo ndi kufika kwa mbalame amene iye analemba, pamodzi ndi a Robert Marsham wa ku Norfolk, amene anayamba kaundula wotere mu 1736 ndipo ankalemberana makalata ndi White m'zaka zake zotsiriza, ndiwo ena mwa miyeso yakale imene akatswiri a kusintha kwa nyengo amayerekeza nayo masiku a lero. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, ndi mtundu wa anthu umene anaubala. Anasonyeza kuti mphunzitsi, mlimi, sing'anga kapena mayi wa pakhomo, wopanda digiri ya sayansi, angathe kuonjeza pa nzeru za anthu ngati apenya mokhulupirika ndi kulemba tsiku. Bungwe la Selborne Society, lotetezera mbalame ndi zomera, linakhazikitsidwa m'dzina lake mu 1885. Ndipo British Trust for Ornithology, imene inayamba mu 1933, imadalira kufikira lero zikwi za anthu odzipereka osalipidwa owerenga mbalame m'madera awo. Sindinena kuti White yekha ndiye anayambitsa zonsezi, koma ndiye kholo limene anthu otere amalitchula. Nyumba yake inatsegulidwa ngati malo osungira mbiri mu 1955, ndipo muli zinthu za banja la Oates limene linathandiza kuigula, kuphatikizapo za Frank Oates, wofufuza zachilengedwe amene anafika pa mathithi a Victoria pa Zambezi namwalira ndi malungo pobwerera mu 1875.

Tsono kwa iwo amene amati White anali wolemba mokoma chabe, yankho langa ndi lakuti kukoma kwa kalembedwe kake kunachokera m'kulondola kwa maso ake, ndipo ziwirizi sizilekanitsika; sanakometse mbalame ndi mawu, koma anaiona bwino kufikira mawu oyenera atapezeka. Sanali Linnaeus ndipo sanali Darwin, pakuti sanasiye dongosolo kapena chiphunzitso chotchedwa ndi dzina lake. Koma kuphunzira makhalidwe a nyama zamoyo m'malo awo enieni, kumene lero kuli nthambi yathunthu ya sayansi, kunapeza mwa iye mmodzi wa aphunzitsi ake oyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha zaka 40. Wowerenga amene angalipeze bukuli, pakuti lili m'nyumba zambiri zowerengeramo mabuku ndiponso pa intaneti mwaulere, ndim'langiza kuti asatope ndi makalata asanu ndi anayi oyambirira aja. Ayambe ndi kalata yachikhumi, ya pa 4 Ogasiti 1767, m'mene White akudandaulira Pennant kuti sanakhalepo ndi mnansi wokonda zinthu zimenezi woti n'kukambirana naye, ndipo akatero apitirire ndi makalata a kwa Barrington onena za anamzeze.